Mapazi a Esnati pa Ng'oma ya Atate Anu

Chisomo ndi Tamara, ana anga, maondo anga akana kugwada ndipo ntchito ndasiya. Ndagula buku la mizere kuti ndikusiyireni mbiri ya kumene ndinagwira. Sukulu ndinalekera Giredi 4 ku Katete, choncho ndilemba monga ndimayankhulira. Za ubwana wanga munamva kale kwa azakhali anu. Ine ndiyambira pa ntchito, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene ndinachita kumeneko chimene simuchidziwa, ndipo sindifuna mudzachimve kwa munthu wina ine nditapita.

1993, ku Garden, mu Lusaka

Ntchito yanga yoyamba inali kwa Che Amini, Myao wochokera ku Malawi, amene ankapanga ng'oma za matchalitchi ndi kukonza za mabandi. Shedi yawo inali kuseri kwa msika. Anandilemba kuti ndizinyika zikopa za ng'ombe mumgolo, kupala ubweya ndi kusoka nsalu zophimbira ng'oma. Fungo la ntchitoyo linkanditsata mpaka m'basi, anthu n'kumasuntha. Masiku amenewo zikopa za pulasitiki za ng'oma za mabandi zinkasowa. Chikopa cha ng'oma yaikulu, ija yogona chammbali imene amaimenya ndi phazi, chikabooka pakati, Che Amini ankatenga zithunzi zakale za ekiselo za kuchipatala zimene anthu ankatipatsa, n'kudula chozungulira, n'kumata pobookapo. Ukayang'anitsa ng'oma zimene zinadutsa m'manja mwathu, unkaona nthiti za munthu. Lachisanu masana iwo ankapita ku mzikiti, ine n'kutsala ndekha ndi ng'oma zonse, ndipo ndinkazigogoda ndi chala pang'onopang'ono kuti anthu asamve. Tsiku lina anandipeza. Sanakalipe. Anagwira dzanja langa n'kuliika pa chikopa, iwo n'kumenya mbali inayo. "Nelia, khutu limanama, dzanja silinama. Wamva mmene ikunjenjemerera itatha kulira? Kunjenjemera kumeneko ndiko uzikuweta." Mawu amenewa ndi amene anandidyetsa zaka zonse.

Atate anu, Ba Yotamu, ndinawaonera pa shedi yomweyo. Anabwera atasenza ng'oma yaikulu yofiira, yobooka pakati. Anaitula pamapazi panga n'kunena kuti, "Ba sisi, iyi ni mukazi wanga woyamba, muigwire bwino." Ine ndinati, "Ngati ni mukazi wanu, bwanji mwamusiya na chilonda?" Anaseka mpaka Che Amini anatulutsa mutu pazenera. Chaka chotsatira tinakwatirana n'kukakhala ku Mtendere, ng'oma yofiira ija ili m'chipinda chathu chogona. Titatha mwezi ndinawapempha kuti andiphunzitse kuponda pedulo, chitsulo chija chimene ukachiponda kanyundo kake kamamenya ng'oma. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mukazi wa pa nyumba kukhala pa mpando atatangadza miyendo, banthu bakuona? Awe, Nelia. Ivo ni va amuna." Sindinapemphenso. Ndinkangoipukuta fumbi.

2004, ku Kalingalinga

Che Amini atakalamba n'kubwerera kwawo, atate anu anandipezera ntchito yosesa ku situdiyo ya Ba Mwansa. Situdiyoyo inali zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yawo, makoma atamatidwa mathileyi a mazira ndi matiresi akale. Ba Mwansa anali Mbemba wamtali, wa mtima wapachala koma wosasunga mkwiyo. Magetsi akazima pakati pa nyimbo ankatukwana khoma, kenako n'kutigulira tonse zitumbuwa. Ndinasesa miyezi itatu osatsegula pakamwa. Tsiku lina kwaya ya ku komboni ya George inkajambula, ndipo ng'oma yaikulu inkalira ngati mgolo wopanda madzi. Ba Mwansa anapotokola mabatani onse, thukuta lili kamukamu, osathandiza. Ine ndinasiya tsache, ndinavula juzi yanga, ndinaipinda n'kuilowetsa m'ng'omamo kuti ikhudze chikopa m'munsi, ndipo ndinamasula zomangira ziwiri pang'ono. Woimba ataponda, ng'oma inayankha kamodzi n'kukhala chete. Ba Mwansa anavula mahedifoni. "Bamake Chisomo, imwe munabisa kuti? Kuyambira lelo tsache ni ya m'mawa chabe. Vonse va pansi ni vanu." Za pansi zinali mawaya, maikolofoni, zikopa ndi mapedulo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinagwira ntchito nditagwada, mutu wanga uli pafupi ndi mapazi a amuna oimba ng'oma. Ndinkadziwa waulesi ndi wakhama poona nsapato zokha.

Nthawi imeneyo atate anu anapeza pedulo ya mapazi awiri kwa mnzawo wina amene anabwera nayo kuchokera kunja. Ili ndi tinyundo tiwiri toyandikana, kena ka phazi lamanja, kena ka lamanzere, tonse timenya ng'oma imodzi. Anthu ankati ndi ya nyimbo zaphokoso za azungu. Atate anu anati ayi. Iwo ankamva akazi awiri akusinja mtondo umodzi monga kwathu ku Katete, wina akakweza munsi wina watsitsa, ndipo nthawi zina wina amachedwa dala kuti mnzake aseke. Anatha zaka akuphunzitsa mapazi awo kusinja kumeneko. Anakupezadi. Koma kujambula kunakanika. Tinayesa kambirimbiri kwa Ba Mwansa. Mapazi akathamanga, chikopa sichinkapeza mpata wopuma, kumenya kwina kunkalowa mwa kunzake, ndipo m'masipika munkatuluka ngati lole ikutsitsa miyala. Ndinasoka mapilo oika m'ng'oma a misinkhu yonse. Ba Mwansa anasuntha maikolofoni mbali zonse. Mapeto ake ankati, "Ba Yotamu, pondani na phazi imodzi chabe." Choncho nyimbo zonse zimene atate anu anajambula ndi za phazi limodzi. Kusinja kwawo kunkamveka ku maukwati basi, n'kuthera m'mphepo. Pedulo ija ndinkaisamala ndine. Loweruka lililonse ndinkaidonthezera mafuta a makina osokera. Ndinkadziwa kuti pakati pa tinyundo tiwirito pamalowa zala zanga zitatu.

2012, Esnati

Esnati mukumudziwa. Anachokera ku Chawama, mtsikana wa zaka makumi awiri amene ankaimba ng'oma ku tchalitchi chawo. Anaona atate anu pa ukwati wina, ndipo Loweruka lotsatira anafika pakhomo pathu atavala thalauzi. Anagwada bwino, sindinama. "Bamai, nabwela kupempha Ba Yotamu banipunzise mapazi yabili." Ine ndinaseka mumtima podziwa yankho. Koma atate anu anatulutsa mpando wawo, n'kuupukuta ndi dzanja, n'kunena kuti, "Nkhala apa, tione."

Zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse masana, ndinkachapa panja ndikumva ng'oma yofiira ikulira m'nyumba mwanga. Ndinkadziwa pamene akuponda atate anu ndi pamene akuponda iye. Chaka choyamba phazi lake lamanzere linkatsalira ngati mwana wotopa pa ulendo, ndipo ndinkakondwa. Chaka chachitatu ndinayamba kulephera kuwasiyanitsa. Akazi a pampopi ankandifunsa kuti, "Bamake Chisomo, simuopa? Kamtsikana na thalauzi m'nyumba mwanu?" Ndinawayang'anitsitsa awiriwo zaka zonsezo, ndinkalowa mwadzidzidzi ngati ndaiwala sopo, koma sindinapeze kanthu. Ndikufuna mudziwe zimenezi: atate anu sanachite chonyansa ndi Esnati. Mwina zikanakhala choncho zikanandipepukira, chifukwa ndikanapita kwa ankhoswe, iwo n'kudziwa chonena. Koma ukauza ankhoswe kuti mwamuna wanga wapatsa mkazi wina mpando wa ng'oma, adzakuseka. Tsiku lina Esnati atapita ndinawafunsa. "Batate ba Chisomo, ine munanikana. Munati ni va amuna." Iwo anali kupukuta thukuta. "Nthawi zasintha, Nelia." Ine ndinati, "Zasinthira yeve yekha?" Anati, "Iwe manje wakula, maondo yazakupweteka." Maondo omwewo amene ndinkagwadira tsiku lonse pansi pa ng'oma za anthu.

2018, maliro

Za matenda a atate anu simufuna kukumbutsidwa, munalipo. Chimene simunaone ndi ichi. Sabata yomaliza asanapite ku chipatala, anaitanitsa Esnati, n'kundiuza kuti nditulutse pedulo ya mapazi awiri pansi pa bedi. Ndinaitulutsa, ili ndi mafuta anga a Loweruka lapitalo. Anaipereka kwa iye ndi manja awiri. "Ukajambule kusinja. Ine vinanikanga." Esnati analira. Ine ndinapita kukatunga madzi ngakhale migolo inali yodzaza.

Titaika maliro, tsiku logawa katundu, abale a atate anu anayala zonse pabwalo: masuti, nsapato, wailesi, ng'oma zing'onozing'ono. Alamu anga aakulu analoza ng'oma yofiira kuti ipite ku tchalitchi cha kumudzi. Ine ndinadzuka pa mphasa ya anamfedwa, ndinaigoneka pansi n'kuikhalira. Anandinyengerera, anandiopseza, azakhali anu anandinong'oneza kuti ndikuchititsa manyazi. Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka basi yawo inatsala pang'ono kuwasiya. Atapita ndinaibweza kuchipinda, ndinaiphimba chitenje, ndipo ndinalumbira kuti phazi la munthu silidzaikhudzanso. Makamaka phazi limodzi lija.

2021, kusankha padi

Chaka chimenecho Esnati anali m'gulu loimba nyimbo za Mulungu lotsogoleredwa ndi Ba Zulu. Anabwera kudzajambula kwa Ba Mwansa, ndipo nyimbo yawo yaikulu inamangidwa pa kusinja kwa atate anu. Panalibenso wina mu Lusaka wodziwa kuponda motero. Ba Mwansa anali atagula kale kabokosi kamene kamasunga kulira kwa ng'oma. Anandifotokozera kuti vuto lakale lija latha. Woimba samenyanso ng'oma yeniyeni, amamenya padi, chinthu cha labala choimirira chimene pachokha chimangoti phu, phu. Koma chili ndi waya wopita ku kabokosi, ndipo kumenya kulikonse kabokosi kamatulutsa kulira kwa ng'oma koyera, kosalowerera kunzake, ngakhale mapazi athamange bwanji. Chinatsala ndi kugula padiyo. Ng'oma yaikulu ya pa situdiyo inali itafufuma ndi chinyontho cha mvula, yosagwiranso ntchito. "Tiyeni ku tauni," anatero Ba Mwansa. "Va pansi ni vanu."

M'sitolo munali mapadi awiri. Ina inali yotakata ngati mbale yaikulu, ina yaing'ono ngati sosala. Wogulitsa ankayamikira yaing'onoyo, ati ndi yolimba, yopepuka, sitenga malo. Ine ndinagwada monga mwa ntchito yanga. Ndinapempha wogulitsayo kuti awalumikize onse awiri, ndipo ndinawagogoda ndi chala kuyambira pakati kupita m'mphepete. Yaing'onoyo inkamva bwino pakati penipeni pokha, malo a zala ziwiri. Ukasuntha pang'ono inkayankha mofooka, ukasunthanso inkakhala chete. Kwa woimba wa phazi limodzi inali yabwino. Koma tinyundo ta pedulo ija timatalikirana zala zitatu. Kamodzi kakakhala pakati, kanzake kagwera kunja. Yotakatayo inkamva paliponse. Zonsezi ndinazidziwa ndisanadzuke pansi. Ba Mwansa anafunsa kuti, "Bamake Chisomo, ni iti?" Ndinaona m'maso mwanga atate anu akupukuta mpando uja ndi dzanja. Ndinati, "Ing'ono ili chabe bwino." Sanafunsenso kawiri. Zaka zonsezo ndinali ndisanawanamizepo.

Lolemba anayamba kujambula. Padi ndinaimanga ndine, kanyundo ka phazi lamanja pakati, ka lamanzere m'mphepete. Esnati anaponda, ndipo m'masipika munatuluka munthu wotsimphina. Phazi lamanja linkamveka lonse, lamanzere linkabwera apa n'kusowa apo. Pa kompyuta ya Ba Mwansa kumenya kulikonse kumaoneka ngati kamzere, ndipo mizere ya kumanzere inali yaifupi, ina kulibiretu. Ba Zulu analoza ndi kiyi wa galimoto. "Esnati, ona wekha. Makina siyanama. Phazi yako ya kumanzere ni yaulesi." Woimba gitala anawonjezera kuti, "Mwina inasala ku Chawama, tiitumire basi." Onse anaseka. Ine ndinali pansi ndikukulunga waya, ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima mwanga munatsekemera. Lachiwiri anayesa kusuntha padi kuti tinyundo tonse tikhale mbali ndi mbali, ndiye mapazi onse awiri anayamba kusowa. Ba Mwansa anaimbira ku sitolo kufunsa yotakata ija. Inali itagulidwa, ndipo ina inali kudzabwera patapita miyezi. Lachitatu Ba Zulu anatopa. "Chisanu ngati sivinachitike, Ba Mwansa bazapanga ng'oma pa kompyuta. Ya phazi imodzi, yosavuta. Ivi vosinja tivisiye."

Masana a tsikulo ndinatuluka kukataya zinyalala, ndipo ndinamupeza Esnati atakhala pa sitepe ya kuseri. Anali atavula nsapato ya kumanzere, akulisisita phazi ngati mwana wodwala. Sanandiyang'ane. "Bamai, mwina Ba Yotamu benze kuninamiza chabe kuti nakwanisa. Benze na chifundo maningi." Ndinati, "Ba Yotamu sibenze kunama pa ng'oma." Anati, "Ndiye nabalephera. Bananituma chinthu chimozi chabe." Ndinataya zinyalala n'kubwerera m'kati.

Nditafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ndinakhala pa bedi kuyang'ana chitenje chija. Ndinkafuna Esnati achite manyazi, ndipo anachitadi. Koma sindinaganize kuti pogwetsa iye ndikukwirira atate anu kachiwiri. Lachisanu likadutsa, kusinja kwawo kukanatsala m'mapazi a munthu amene wayamba kukhulupirira kuti phazi lake ndi laulesi. Ndipo njira ina ndinkaidziwa. M'dilowa ya Ba Mwansa munali tiriga, kanthu kofanana ndi bokosi la machesi kamene kanabwera pamodzi ndi kabokosi kaja. Kameneko amakamanga m'mphepete mwa ng'oma yeniyeni kuti kakhudze chikopa. Chikopa chikagwedezeka, kaya chamenyedwa pakati kaya pambali, tiriga imauza kabokosi. Inkangofuna ng'oma yaikulu yabwino. Ng'oma yabwino inali patsogolo panga.

Lachinayi

M'mawa ndinabwereka wilibala kwa aneba, ndinayala bulangeti, ndinakweza ng'oma yofiira n'kuikankha ndekha kuchokera ku Mtendere mpaka ku Kalingalinga. Anthu a m'njira ankafunsa ngati ndikusamuka. Nditafika onse analipo. Ndinachotsa chitenje. Esnati anaika dzanja pakamwa. Ba Mwansa anati, "Iyi si ija munakana ngakhale kuti niione?" Ine ndinaima pakati pa chipinda, chifukwa mawu oterewa sanenedwa utagwada. "Ba Mwansa, padi ija ninasankha dala. Nenze kuziba kuti ni ing'ono. Phazi ya Esnati ilibe mulandu."

Ba Mwansa anavula magalasi n'kuwavalanso. "Imwe? Bamake Chisomo, imwe?" Ba Zulu anayang'ana kudenga. Esnati anaimirira, maso ali psu. "Masiku yatatu, Bamai! Masiku yatatu banthu baniseka, imwe muli apo pansi mukulunga waya! Ninakulakwirani chani?" Ndinati, "Iwe masiku yatatu. Ine zaka sikisi nenze kuchapa panja." Ndikuganiza kuti tsiku limenelo ndi pamene anadziwa kuti panja paja pankakhala munthu. Woimba gitala anati, "Mayo, nkhani za ba Katete," koma palibe anaseka. Ba Mwansa anatulutsa tiriga m'dilowa n'kuiponya m'manja mwanga. "Tizakamba pambuyo. Mangani."

Ndinagwada. Tiriga ili ndi vuto lake. Chikopa chikamenyedwa kamodzi n'kupitiriza kunjenjemera, iyo imawerenga kawiri kapena katatu, ndipo kabokosi kamalira ngati munthu wachibwibwi. Poyamba zinachitikadi motero. Ndinalowetsa pilo, ndinaonjezera bulangeti lija la mu wilibala, ndinaika dzanja pa chikopa monga anandiphunzitsira Che Amini, n'kumuuza Esnati kuti aponde kamodzi. Sitinayang'anane. Iye ankaponda, ine ndinkamanga, mpaka chikopa chinayamba kuyankha kamodzi n'kuima. Ndinati, "Manje sinja." Anasinja. Pa kompyuta mizere inaima yofanana ngati mizere ya chimanga, kumanja ndi kumanzere, osasowa ndi umodzi womwe. Ba Zulu anabweza kiyi wawo m'thumba.

Koma kulira kumene kunkatuluka m'kabokosi kunali kwa ng'oma ya kunja, youma ngati chitseko. Ba Mwansa anati, "Iyi si sawundi ya Ba Yotamu. Tichite so: tichose bulangeti, tijambule ng'oma yofiira na maikolofoni, kumenya kumozi chabe kwabwino. Tikuike mu kabokosi. Ndiye paliponse Esnati aponda, izalira ni yamene iyi." Esnati anakonza mpando kuti aponde. Ine ndinagwira mpandowo. "Awe. Kumozi uko nizamenya ndine. Ngati simufuna, wilibala ili panja."

Ba Zulu anati, "Bamai, nthawi." Ba Mwansa anawakwezera dzanja kuti akhale chete. Esnati anandiyang'ana, kenako anadzuka. Ndinakhala pa mpando wa ng'oma koyamba m'moyo wanga, ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndinakokera chitenje m'mwamba pang'ono n'kutangadza miyendo pamaso pa amuna onsewo. Ndinaponda. Inalira ngati munthu wagogoda pa chitseko cha apongozi. Ndinapondanso mwamphamvu, kanyundo kanakakamira pa chikopa, kulira kunafa. Kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutsika. Kenako ndinaona Esnati akugwada pansi, pamalo anga. Anagwira chidendene changa n'kuchikweza. Mawu ake anali akadali okwiya. "Osaponda monga mupha njoka. Munsi sibaukankha mu mtondo, bamausiya ugwe, ubwelele wekha. Ni mwamene benze kukambira."

Ndinawamva atate anu m'mawu amenewo, mpaka kapumidwe kawo. Phunziro limene ndinapempha nditangokwatiwa linandipeza patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, kudzera pakamwa pa mkazi wina, ndipo ngakhale pamenepo nsanje inandilasa kuti iye anawamva mawuwo kambirimbiri, ine kamodzi. Ndinakweza mwendo n'kuusiya ugwe. Ng'oma yofiira inayankha ndi chifuwa chake chonse, mathileyi a mazira ananjenjemera pakhoma. Ba Mwansa anakweza chala kuseri kwa galasi la chipinda chawo cha makina. "Yakwana. Osaponda futi." Ndinadzuka. Nyimbo anaimaliza tsiku lomwelo dzuwa likadalipo.

Ba Mwansa sanandichotse ntchito, koma kuyambira pamenepo ndikasankha chinthu ankachiyesanso okha. Zinandipweteka, ndipo zinali zoyenera. Ndinagwira zaka zina ziwiri mpaka maondo anakana.

Lero, ku Mtendere

Ng'oma ndinaibweza kunyumba pa wilibala yomweyo. Esnati amabwera kudzandiona pa Khirisimasi, amabweretsa shuga ndi sopo, amagwada bwino. Timacheza za mvula. Sanapemphepo kuti aione ng'omayo, ndipo ine sindinamuuzepo kuti alowe kuchipinda.

Nyimbo ija mukuidziwa, Tamara unavina nayo pa ukwati wako. Ikalira m'basi anthu amati, "Imvani mapazi ya uyu mukazi!" Ndipo pamenepo nsanje ija imadzukabe, sindikubisirani, mwina ndidzapita nayo kumanda. Mapazi ndi ake, kusinja ndi kwa atate anu. Koma tsiku lina ndinakhala pansi kuti ndiwerenge kuti ng'oma yaikulu imalira kangati m'nyimbo imeneyo, ndipo ndinasokonezeka ndisanafike pakati. Konseko, kumanja ndi kumanzere komwe, ndi phazi langa, kamodzi kaja.